Filiji ya ku Dikirani Ipita ku Msonkhano wa Ayezi

Ufumu wa Tiliponso uli ndi midzi 24, msewu umodzi wa phula ndi nyengo ziwiri: yotentha ndi yotentha kwambiri. Chiyambire kulemba za nyengo, tsiku lozizira kuposa onse linali la 9 Julayi, chaka chachinayi cha ulamuliro wa Mfumu Yaikulu Ndiombereni Wachiwiri. Tsikulo choyezera chinatsika kufika pa madigiri 19 ndipo sukulu zinatsekedwa.

Pa 2 Seputembala, chaka cha 23 cha ulamuliro womwewo, Nduna Yoona za Maulendo, a Lufeyo Ndaonera, anabwerako kumayiko a kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Anakhalako masiku asanu ndi anayi. Anabwera ndi jekete yaubweya, chikwama cha nsalu, ndi kakhadi kolendewera m'khosi kolembedwa dzina lawo. Kakhadiko sanakavulenso.

"Mwini Dziko," anatero atagwada kunyumba yachifumu ku Mawamawa, "kumeneko anthu sapuma ndi misonkhano. Uwu ukatha, wina wayamba kale mumzinda wina. Amakambirana zinthu zinayi: ayezi wa kunsonga ya dziko, kusintha kwa nyengo, mphamvu za magetsi, ndi umoyo wa eni nthaka."

"Nanga ife anatitchulako?" inafunsa Mfumu.

"Ayi, Mwini Dziko."

"Ngakhale m'pemphero?"

"Sayamba ndi pemphero."

Mfumu inafunsanso: "Ayeziyo ndi wa ndani?"

"Akuti ndi wa dziko lonse lapansi."

"Ndiye kuti gawo lathu lilipo. Anthu amenewa akhala akukambirana katundu wathu ife kulibe."

Pa 5 Seputembala panatuluka Lamulo Nambala 114. Linati pa 18 Okutobala kudzachitika Msonkhano Woyamba wa Ayezi wa Kumpoto, pa bwalo la Mawamawa. Linati kuyambira pa 1 Okutobala nyengo ya mu ufumu idzakhala madigiri 4, ndipo ofesi ya zanyengo idzatsatira zimenezo. Munthu aliyense wopita kumsika adzavala juzi. Thukuta linaikidwa m'gulu la mphekesera, ndipo wopezeka akulifalitsa pagulu adzachenjezedwa kawiri.

Okutobala ndiwo mwezi umene ku Tiliponso nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Pamsika wa Tsitsaniko majuzi a pa kaunjika anatha m'masiku atatu. Otsalira anavala zimene anapeza: matawulo, masokosi m'manja, ndipo munthu wina wogulitsa makala anabwera atadzikulunga m'katani.

"Mwadzuka bwanji ndi chisanuchi, a Sikelo?" anafunsa Nasibeko, mayi wogulitsa tomato, akudzikupiza ndi katoni. Nasibeko ndiye ankatsogolera amayi ovina pa misonkhano ya Mfumu, ntchito imene anaigwira zaka khumi ndi zinayi.

"Ndagona pakhonde kuti chindipeze bwino," anayankha a Sikelo a kaunjika, "koma sichinafike. Mwina chayambira kwa akuluakulu."

"Chikatsala atigawira."

"Tomato wanuyo bwanji wafewa chonchi?"

"Akunjenjemera."

Pa 14 Okutobala komiti yokonza msonkhano inazindikira kuti yakonza matenti, mipando 600, ng'oma, mbendera ndi malole 12, koma ayezi ilibe. Magetsi a ku Mawamawa ankayaka maola atatu patsiku, ndipo filiji ya kunyumba yachifumu inali itasanduka kabati yosungiramo zipewa. Mu ufumu monse munali filiji imodzi yokha younditsa madzi: ya pachipatala cha Dikirani, yoyendera sola.

A Ndaonera anafika pachipatalapo pa 16 Okutobala nthawi ya 10 koloko m'mawa, ndi lole ndi asilikali anayi. Anapeza namwino, Mayi Jesina Mbalule, akulemba kutentha kwa filiji papepala lomata pachitseko chake, monga ankachitira kawiri patsiku kwa zaka zisanu ndi zinayi.

"Amayi, filijiyi yasankhidwa."

"Yasankhidwa kuti itani, bwana?"

"Ikaimire kumpoto."

"Muli katemera wa chikuku umu. Timabotolo 34, kalikonse ka ana khumi. Ana 340 mu ufumu muno sanabayidwe. Ku Mwatiiwala ana atatu agona kale, mmodzi sakutsegula maso. Ndakhala ndikupempha galimoto kuyambira pa 21 Ogasiti kuti ndizungulire midzi."

"Pempho lanu likuyenda."

"Lafika pati?"

"Likuyenda, amayi."

"Nanga yaima panjayo?"

"Imeneyo ndi ya msonkhano. Tulutsani timabotolo tanuto, muike pashelefu. Pakatha masiku atatu tikubwezerani filiji yotchuka."

Mayi Mbalule anatenga kabotolo kamodzi n'kuwaonetsa chizindikiro cha papepala lake: kabokosi koyera mkati mwa bwalo lakuda. "Katemerayu akakhala potentha kuposa madigiri 8, kabokosi aka kamada. Kakada ngati bwaloli, ndimataya. Katemera wina adzabwera chaka chamawa, chikuku chitadutsa kale m'midzi yonse."

"Nkhani imeneyo ili pansi pa unduna wina."

Namwino anayang'ana asilikali, anayang'ana filiji. "Ndiye ndipita nayo. Filijiyi ili ndi khalidwe lake, bwana. Munthu wosaidziwa akaitsegula molakwika, ayezi saundana. Mudzaonetsa Mfumu beseni la madzi."

A Ndaonera anaganiza za beseni lija. Pofika 10:40 Mayi Mbalule anali atasankhidwa kukhala Mlonda Wamkulu wa Ayezi wa Ufumu, ndipo anapatsidwa kakhadi kawo ka m'khosi. Anakwera lole atakhala pakati pa filiji ndi sola, chikwama cha majakisoni chili pamiyendo.

Tsiku lotsatira masana anapita kumsika wa Tsitsaniko kukagula nthochi, atavala juzi monga mwa lamulo.

"A Mlonda a Ayezi," anatero Nasibeko. "Kukwezedwa kotereku mwapita kwa sing'anga uti?"

"Musandiseke, achemwali. Malole aja akukatenga ndani mawa?"

"Ife ovinafe. Midzi 23. Lamulo likuti mayi aliyense amene miyendo yake ikuyenda."

"Ana muwasiya ndi ndani?"

"Tiwasiya ndi ndani? Amuna athu nawonso aitanidwa kudzaomba m'manja. Ana tibwera nawo kumsana, ena akuyenda m'mbuyo."

Mayi Mbalule anasiya kusenda nthochi. Kwa milungu isanu ndi itatu anasowa galimoto imodzi yopita kwa ana. Tsopano malole 12 anali kubweretsa anawo pa filiji.

"Ndikakhala ndekha ndimabaya ana 50 pa ola," anatero pang'onopang'ono. "Ndikufunika maola asanu ndi limodzi ndi theka. Pulogalamu ikuti zolankhula zitha 12 koloko, ayezi atulutsidwa, inu mukwera malole. Ndi maola anayi okha."

"Olankhula ndi angati?"

"Khumi ndi mmodzi."

Nasibeko anaseka mpaka juzi yake inakwera. "Anamwino, inu misonkhano simuidziwa. Bayani ana. Nthawi tisiyireni ife."

Apa ndi pofunika kufotokoza mwambo wa Malonje a Bwalo. Ku Tiliponso munthu salankhula pamaso pa Mfumu asanatchule akuluakulu onse amene alipo, aliyense ndi dzina ndi udindo wake wonse, kuyambira Mfumu mpaka wachiwiri kwa wosunga makiyi a nkhokwe. Akalakwitsa, kapena akadulidwa mawu asanamalize, amayambiranso pa Mfumu. Pa 18 Okutobala akuluakulu analipo 41. Munthu wodziwa bwino ankamaliza m'mphindi 17.

Tsikulo 8 koloko m'mawa choyezera cha namwino chinaonetsa madigiri 33 pamthunzi, ndipo wailesi inalengeza madigiri 4. Alendo a kumayiko a kumpoto sanabwere, chifukwa makalata owaitana anali akudikira saini. M'malo mwawo anakhala akalaliki a boma asanu ndi mmodzi, atavala majekete ndi zipewa zaubweya, aliyense atanyamula chikwangwani: Dziko la Ayezi Wambiri, Dziko la Usiku Wautali, Dziko la Zimbalangondo Zoyera, ndi ena atatu amene mayina awo anafufutika ndi mphekesera zotsika m'manja mwa onyamula.

Pa nkhani ya umoyo wa eni nthaka komiti inavutika pang'ono. Malamulo a Tiliponso amati nthaka yonse ndi ya Mfumu, choncho mwini nthaka anapezeka mmodzi. Anagwirizana kuti pa gawo limenelo Mfumu idzayezedwa kuthamanga kwa magazi, anthu akuomba m'manja.

Pa nkhani ya magetsi sanavutike. Nthawi ya 6 koloko m'mawa asilikali anazula sola ku filiji n'kukaiika mu Tenti ya Mphamvu, pamthunzi, pathebulo loyala nsalu, maluwa ali m'mbali. Kuyambira nthawi imeneyo chimene chinkaziziritsa katemera chinali chimodzi: mbulu wa ayezi waukulu ngati njerwa ziwiri, umene namwino anaunditsa m'poto. Mbuluwo ukatuluka, katemera watha.

Filiji inaima mu tenti yaing'ono kuseri kwa nsanja, mkati mwa filijiyo muli madigiri 3. Nthawi ya 8:10 wolankhula woyamba, Nduna ya Zamisewu, anayamba malonje. Nthawi yomweyo mayi woyamba anachoka pamzere wa ovina, n'kulowa kuseri, n'kumasula mwana.

Nduna inafika pa dzina la 38 bwinobwino. Itangotchula "wosunga ndodo yachifumu", Nasibeko anaimba nthungululu, ng'oma zinagunda, amayi mazana atatu anadzuka ndi nyimbo:

"Ndiombereni wabweretsa chisanu, ee,
Wabweretsa chisanu, ana afunde."

Nyimbo yotamanda Mfumu siletsedwa. Inatenga mphindi zisanu ndi chimodzi. Itatha, woyendetsa mwambo anayang'ana m'buku lake n'kunena kuti nduna yadulidwa mawu.

"Mwini Dziko, Mfumu Yaikulu Ndiombereni Wachiwiri," inayambanso nduna. Mfumu inagwedeza mutu mokondwa.

Ulendo wachiwiri inafika pa 40. Wachitatu amayi anaisiya kuti imalize, chifukwa mawu anali atayamba kusasa ndipo inali nduna imene inawakonzerapo mlatho. Mawu ake enieni okhudza ayezi anatenga mphindi imodzi ndi theka. Inati ayezi ndi wofunika pa chitukuko.

Kuseri ntchito inayenda. Amayi ankalowa asanuasanu, kutuluka mbali ina, kubwerera pamzere akuvina, mwana akulira kumsana. Namwino ankasungunula ufa wa katemera wa m'kabotolo kamodzi, kubaya ana khumi, kutsegula filiji kwa masekondi atatu, kutenga kena.

"Mwana wa ndani uyu wonenepa ngati wa nduna?"

"Wanga, anamwino. Bambo ake ndi omwe aja oonda."

"Gwirani mkono. Wotsatira."

Nthawi ya 10:25 nthumwi ya Dziko la Usiku Wautali inagwa pampando. Anainyamulira ku tenti ya namwino, amene anaivula jekete, kuipatsa madzi, n'kuiuza kuti popeza yadzuka igwire thonje. Pofika masana nthumwi zinayi mwa zisanu ndi imodzi zinali kuseri zitavala malaya amkati okha, wina akulemba mayina a ana, wina akuwapangira nkhope zoseketsa. Ana obayidwa anakwera kufika 56 pa ola.

Pa 12 koloko, nthawi imene pulogalamu inati zolankhula zatha, anali atalankhula anthu anayi. Dzina la Mfumu linali litatchulidwa ka 19, ndipo Mfumu inauza mkazi wake wachiwiri kuti msonkhano wotere sunachitikepo. Ana obayidwa anali 197. M'filiji munali madigiri 5.

A Ndaonera anayamba kukayika nthawi ya 13:20. Anaona kuti amayi akulowa kuseri ana ali chete, n'kutuluka ana akulira. Anatsika pansanja.

"Mukuchita chiyani ndi filiji ya boma?"

"Umoyo wa eni nthaka, bwana," anayankha Mayi Mbalule osadzutsa mutu.

"Gawo limenelo ndi la Mfumu. Mwatsegula kangati?"

"Ka 27."

A Ndaonera anasuzumira m'poto. Njerwa ziwiri zija zinali zitatsala theka la imodzi, likuyandama. Anagwira kakhadi kawo ndi manja onse awiri.

"Mukudziwa kuti mukhoza kuchotsedwa ntchito?"

"Ntchito iti, bwana? Ndili nazo ziwiri."

"Ndikutulutsa ayeziyu pompano."

"Zolankhula zisanathe?" inafunsa nthumwi ya Dziko la Zimbalangondo Zoyera, imene masiku ena onse inali kalaliki wa zamwambo. "Sizinachitikepo, bwana. Mfumu idzafunsa amene waphwanya pulogalamu."

A Ndaonera anabwerera kunsanja akuthamanga. Ananong'oneza nduna zinayi zotsala kuti zidwale pakhosi, ndipo zinadwala mosangalala. Anauza asilikali kuti atenge ng'oma zonse akazisunge ku Tenti ya Mphamvu. Kenako anaima pa chimkuzamawu monga wolankhula womaliza, anakoka mpweya, n'kuyamba malonje mothamanga ngati woulutsa mpira. Amayi anayesa nthungululu pa dzina la 12, koma popanda ng'oma nyimbo inachedwa kugwira, ndipo a Ndaonera anadutsa osaima. Anatchula mayina onse 41 m'mphindi 6 ndi masekondi 40. Inali 13:48. Kuseri kunatsala ana 37.

Nasibeko anayang'ana pansi.

"A Ndaonera," inatero Mfumu.

"Mwini Dziko."

"Dzina langa mwalitchula ngati mukuitana nkhuku. Yambiraninso. Ndipo popeza mwaonetsa kuti mpweya muli nawo, mutchulenso makolo anga."

Makolo a Mfumu olembedwa m'buku ndi khumi ndi asanu ndi awiri, aliyense ndi nkhondo zake. A Ndaonera anamaliza 14:41. Mwana wa nambala 312, womaliza mwa amene anabwera, anali atabayidwa 14:33. M'filiji munali madigiri 7, ndipo munatsala timabotolo titatu ta ana 28 a ku Mwatiiwala. Kumeneko lole sinapite, chifukwa pa mapu a boma mudziwo unaphimbidwa ndi chidindo.

Nthawi ya 14:45 asilikali anayi anabweretsa ayezi pambale yasiliva. Anali wamkulu ngati sopo wosambira amene wagwira ntchito sabata imodzi. Mfumu inavala magalasi.

"Ndi yemweyu?"

A Ndaonera anayankha: "Ndiwo kafukufukuyo, Mwini Dziko. Akatswiri a kumpoto akhala zaka zambiri akunena kuti ayezi akusungunuka. Ife tatsimikiza tsiku limodzi."

Anthu anaomba m'manja kwa mphindi zitatu. Mfumu inaimirira n'kulengeza kuti ayeziyo ndi Mlendo wa Ufumu, ndipo inamufunsa za ulendo. Mlendo anadontha pambale.

Kuseri choyezera chinafika pa 8. Mayi Mbalule anatuluka mu tenti n'kuyang'ana Nasibeko, atakweza zala zitatu. Nasibeko anayenda chogwada mpaka kutsogolo kwa nsanja. Mayi wovina salankhula pabwalo, choncho malonje samukhudza. Amangodandaula mokweza, ndipo Mfumu imamva mwangozi.

"Mayo ine, mlendo wa Mwini Dziko akuoneka kuti akutsanzika. Kodi timusiya apite yekha ngati wakuba? Kwathu kuno mlendo timamuperekeza, katundu wake titamunyamulira. Akakafika kwawo akanena chiyani za ife?"

Mfumu inatembenukira kwa nduna zake. "Kwawo ndi kuti?"

"Kumpoto, Mwini Dziko."

"Kumpoto kwathu kumathera pati?"

Nduna ya Zamisewu inayang'ana Nduna ya Zamalo. Nduna ya Zamalo inali ikudwala pakhosi.

"Pa Mwatiiwala, Mwini Dziko," inatero nthumwi ya Dziko la Usiku Wautali, itauzidwa ndi namwino. "Makilomita 31."

"Ndimuperekeza ndekha."

Mlendo anabwezedwa m'nyumba yake, filiji. Sola inachotsedwa pa maluwa n'kulumikizidwanso monga katundu wa mlendo. Nthawi ya 15:20 mdipiti unanyamuka: njinga zamoto ziwiri zoliza masaireni, galimoto ya Mfumu, lole ya filiji, magalimoto a nduna, ndi malole atatu a amayi amene anakana kutsala. Phula linatha pa kilomita yachisanu ndi chinayi. Pa kilomita ya 22 Nduna ya Zamisewu inatsika kukakankha, ndipo inamveka ikufunsa kuti msewu umenewu ndi wa dziko liti.

Anafika 16:52. Anthu a ku Mwatiiwala anali asanamvepo saireni, choncho anathawira m'munda wa chinangwa. Anabwerera atamva nthungululu ndi mawu a Nasibeko akuitana mlamu wake ndi dzina la paubwana.

Mlendo anali atatsala ngati njere ya nyemba. Mfumu inamuika pamwala wa m'malire n'kumutsanzika kwa mphindi 40, ikumupatsa moni wokapereka kwa mafumu a kwawo. Pansi pa mtengo wa bwemba, mamita makumi awiri kuchokera pamenepo, namwino anayala chitenje. Kabotolo komaliza kanali ndi kabokosi kotuwa, koma kowala kuposa bwalo lake. Anayang'ana kabokosiko padzuwa kawiri asanasungunule. Mwana wa nambala 340, mtsikana wa miyezi khumi dzina lake Ndaziona, anabayidwa 17:31, ndipo analuma chala cha nthumwi imene inamugwira. Ana atatu odwala aja anakwezedwa m'galimoto ya Nduna ya Zamalo, imene inali ndi mipando yofewa, kupita ku Dikirani.

Pobwerera a Ndaonera anakwera lole ya filiji, chifukwa galimoto yawo inatsala mumchenga. Anakhala moyang'anana ndi namwino.

"Mfumu yati ndilembe lipoti," anatero a Ndaonera. "Yatinso ikufuna msonkhano wina ngati womwewu. Ine mitu yandithera, amayi. Kumpoto tamaliza."

Mayi Mbalule anatsegula buku la katemera n'kuwerenga ndi chala. Ana ambiri mwa amene anabayidwa tsikulo ankafunika jakisoni wachiwiri pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

"Dziko lili ndi nsonga ziwiri, bwana. Kummwera nakonso kuli ayezi."

A Ndaonera anatulutsa cholembera. "Zoona? Wambiri?"

"Kuposa wa kumpoto."

"Nyengo yake yabwino ndi iti?"

"Pa 18 Epulo. Malole akhale 13, ndipo olankhula musawachepetse."